Alamu Anga a Chubu ndi Mpopi wa Kuseri kwa Mpanda

Alamu anga ndi pulambala wa pa fakitale ya mabulangete. Ndikati pulambala musaganize za aja oyenda m'makomo ndi kachikwama kukonza zimbudzi za anthu, ayi. Iwo mapaipi awo ndi akuluakulu, ena onenepa ngati ntchafu yangayi, opita ku boyila, ku matanki ochapiramo ulusi, ndi kumene amanyika mabulangete mu utoto. Ntchito imeneyi anaiyamba ine ndili kamtsikana kosadziwa n'kuchapa komwe, lero ndili ndi imvi iwo adakali pomwepo. Dzina lawo lenileni pa fakitale palibe amalidziwa, mwina a ku ofesi okha. Aliyense amangoti a Chubu.

Dzinalo linabwera chifukwa cha kagwiridwe kawo ka ntchito. Mapaipi a pa fakitalepo anali achitsulo, akalekale, odyeka ndi dzimbiri mkati ndi kunja komwe. Paipi ikabooka, alamu ankapita kwa abwana kukapempha yatsopano, abwana n'kuti, "Tamangani kaye, tigula mwezi wa mawa." Mwezi wa mawawo sunafike mpaka mwana wa alamuwo anakula n'kukwatiwa. Ndiye iwo ankatola machubu akutha a matayala a galimoto, n'kuwadula timizere tataliatali, n'kumakulunga pobookapo, kukoka mpaka misempha ya m'khosi kutuluka. Madzi ankasiya kwa kanthawi, kenako n'kutulukira pena. Ukalowa m'fakitale muja, paipi iliyonse inali ndi mabandeji akuda ngati wodi ya anthu a ngozi.

Chubucho chinawatsata mpaka kunyumba. Chogwirira cha ndowa, chubu. Mwendo wa mpando, chubu. Magalasi awo a maso, chubu. Ine ndinkati, "Alamu, tsiku lina tidzadzuka mutawamanga achemwali anga pakamwa ndi chubu."

"Ndikanayambira inuyo," ankatero, "koma pakamwa panupo cha galimoto sichingakwane. Pakufunika cha thirakitala."

Koma musaone kusekako, ntchito yomanga chubuyo ankadana nayo kuchokera pansi pa mtima. "Imeneija si ntchito, mlamu," anandiuza tsiku lina akutsuka manja. "Kuja n'kupepesa madzi. Umawagwadira kuti pepani akuluakulu, tadikirani pang'ono." Munthu anaphunzira kulumikiza paipi yosataya ngakhale kadontho, moyo n'kumupatsa zinyalala zokhazokha. Ndipo kudontha kwa madzi kunkawasowetsa mtendere ngati udzudzu m'khutu. Kwa eni ake, ali mlendo, akamva mpopi ukudontha ankasiya nkhani pakati n'kupita kukaugwiragwira. Anthu ankati ndi kukoma mtima. Ine amene ndawaona pafupi ndikuti ndi matenda.

Ankakhala m'nyumba za kampani, mzere wa tinyumba ta zipinda ziwiri kuseri kwa mpanda wa fakitale. Makina akamalira, makapu ankanjenjemera pa shelefu. Mpopi wa mzere wonsewo, wochokera ku madzi a tauni, unauma kalekale. A tauni ankati nyumbazo ndi za kampani, a kampani n'kumati madziwo ndi a tauni, nkhani n'kuthera pomwepo. Amayi a mumzeremo ankatunga ku mjigo wa kutsidya kwa njanji, ulendo woti ukabwerako ndi ndowa imodzi khosi lauma gwa. Achemwali anga anasenza madzi amenewo chikwatiwire osadandaula, mwamuna wawo akusambira m'madzi tsiku lonse kuseri kwa khoma lomwelo.

Kenako achemwali anagwa. Ankasesa pakhomo m'mawa, tsache n'kuwapulumuka, iwo khu! pansi. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Ndimakumbuka bwino, ife tili balalabalala kudikira dokotala, alamu anali pa sinki ya mu wodimo akumanga mpopi ndi chubu cha m'thumba mwawo, misozi ikuyenderera. Achemwali anabwerako atafa mbali yonse ya kumanja, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka amodziamodzi ngati akuchita kuwakumba pansi. Mwana wawo, mmodzi yekhayo, anali pabanja m'tauni ina yakutali, ali ndi ntchito ndi makanda. Ine ndinali nditasiyana ndi mwamuna wanga, ndilibe chondigwira, ndiye ndinanyamula chikwama n'kubwera kudzawadwazika.

Amene sanadwazikepo munthu wogona sadziwa kuti matenda amamwa madzi. Munthu wosadzuka zonse amathera pomwepo. M'mawa kuwasambitsa, kusintha nsalu zoyala, kuchapa, kutsukuluza, kukolopa pansi. Masana chimodzimodzi, madzulo chimodzimodzi. Ndipo achemwali anali munthu waukhondo woopsa, woti ukamwera kapu yawo ankakatsuka uli pomwepo ukuona. Tili ana ankandibweza pakhomo kuti ndikatsuke mapazi ndisanaponde mkeka wawo. Tsopano munthu yemweyo ankagona n'kumandiyang'ana ndikununkhiza nsalu kuti ndione ngati ingapirire tsiku lina, misozi ikutsikira m'khutu.

Alamu anaziona zimenezo. Lamlungu lina masana, fakitale itatseka, anatolera zidutswa za mapaipi otayidwa, n'kuzilumikiza ku paipi ya madzi ozizira yodutsa kuseri kwa boyila. Anakumba kangalande pansi pa mpanda, n'kutulutsira kampopi kuseri kwa bafa lathu, pobisika ndi malata akale. Analowa m'nyumba ali matope okhaokha n'kundikoka pa mkono. "Mlamu, tatsegulani apa." Ndinapotokola. Madzi! Ndinakhala pansi pamatope pomwepo n'kulira ngati mwana. Tsiku limenelo achemwali ndinawasambitsa mowaza, ndinawatsuka ndi m'mutu momwe, ndipo alamu atalowa kudzawaona anawagwira ovololo ndi dzanja lamoyo lija osafuna kusiya.

Kuba kunali kuba, sindikukana. Koma mzere wonse unkamwa pomwepo. Mkazi wa mlonda wa pageti ankatunga, mkazi wa kapitawo ankabwera ndi zidebe ziwiriziwiri, ndipo palibe anatsegula pakamwa. Alamu anasanduka munthu wamkulu mumzeremo, wopatsidwa moni kuchokera patali. Mpopiwo unali wakutha, wongotola, ndipo unkadontha masiku onse. Iwo ankaumanga lero, mawa wayambanso, akudutsapo n'kumatsonya. Zaka zinapita choncho, achemwali ali oyera, opanda ndi kachilonda komwe pamsana. Namwino wa ku chipatala ankandilozera kwa anthu ena kuti onani mmene amasamalira wodwala mayi awa.

Zinthu zinatembenuka paipi ina yaikulu itaphulika pamwamba pa malo oumitsira, madzi a dzimbiri n'kukhuthukira pa mulu wonse wa mabulangete oyera amene anali ndi mwini wake kale. Apo ndiye eni fakitale anadzidzimuka. Analamula kuti mapaipi onse azulidwe, aikidwe atsopano oti akhale zaka ndi zaka osavuta. Kunabwera kampani ina ndi malole odzaza mapaipi, ndi injiniya wake, mayi wachitsikana wovala chipewa cholimba, wolankhula mofatsa. Ndinene zoona, mayiyo analibe mwano ndipo ntchito yake ankaidziwa. Iye ankawatchula alamu kuti bambo, ndipo anawapempha kuti aziyenda naye kuti azimulozera kumene paipi iliyonse yakale imapita.

Mukanawaona alamu masiku amenewo! Munthu wa imvi kusanduka mnyamata wofunsira mbeta. Mapaipi atsopanowo anali a pulasitiki yokhuthala yabuluu, olumikiza ndi makina otenthetsa mpaka awiri kukhala imodzi, ndipo a madzi otentha anali achitsulo chowala chosachita dzimbiri. Akale aja akamagwetsedwa, ndi mabandeji awo omwe, alamu ndi amene ankatsogolera kuwakokera kudzala. Tsiku lina anabwera ndi kachidutswa kabuluu m'thumba n'kukaika m'dzanja la achemwali.

"Tagwirani, mayi. Tapisani chala mkatimo. Mwamva kusalala? Imeneyi ine ndidzafa, adzukulu athu adzakalamba, iyo ili chomwechi."

Achemwali anamwetulira ndi mbali imodzi ija. Ine ndinati, "Alamu, mukanakhala kuti mumawasisita achemwali anga mmene mukusisitira chipaipicho, bwenzi atadzuka kalekale." Anaseka mpaka kutsokomola. Machubu onse amene anali m'matumba mwawo anakawataya tsiku lomwelo.

Ine mtima wanga unali pa mpopi wathu basi. Ndinawafunsa kuti nanga ife zitithera bwanji, iwo anati aona mochitira. Ndipo anachitadi. Atafika kuseri kwa boyila, injiniya anaona kapaipi kakale kolowa pansi n'kufunsa kumene kamapita. Alamu anati kamapita ku mpopi wotsukira pansi panja. Mayiyo sanakayike, munthu wamkulu wanena. Anauza antchito ake kuti akalumikize ku paipi yatsopano, kakhale choncho. Madzi athu anapitirira kubwera, amphamvu kuposa kale.

Koma madzulo ake alamu sanadye. Anakhala pakhonde atagwira tsaya ngati wina wamwalira.

"Mlamu, ndamunamiza mwana uja. Paipi yokongola ngati imeneija, ine n'kuilumikiza ku chinyalala."

"Chinyalala chimenecho ndi chimene chikusambitsa akazi anu," ndinatero. "Idyani, chakudya chikuzizira."

Ntchito itatha kunatsala kuyesa. Alamu anandifotokozera mmene zimakhalira. Amatseka potulukira madzi ponse, amapopa mpaka mapaipi kudzaza thothotho, ndiye amayang'ana kawotchi kokhala ndi kamuvi. Kamuvi kakaima malo amodzi ndiye kuti palibe podontha. Kakamatsika ndiye kuti penapake madzi akuthawa. "Mawa mutungiretu m'mawa, mudzaze chilichonse," anatero. "Kenako mutseke mpopi zolimba, asaukhudze munthu mpaka ine nditabwera."

Ndinachita zomwezo. Ndinauza amayi onse a mumzere, tinadzaza ndowa, mapoto, mabeseni, ndi ketulo yomwe. Mpopi ndinaukulunga ndi nsanza, n'kukhala pampando pomwepo ndi mpini wa tsache wothamangitsira ana. Koma chakutha ndi chakutha. Unkangoti tho, tho, tho m'kachitini, ndipo m'tsinde mwa mpanda, pamene kapaipi kakale kanadutsa, dothi linayamba kuda ndi chinyontho.

Zimene zinachitika mkatimo ndinazimva kwa mlonda wa pageti, amene anaima nawo pomwepo, ndipo alamu sanakanepo ngakhale chimodzi. Anthu anaunjikana pa kawotchi kaja, abwana, kapitawo, injiniya ndi antchito ake. Kamuvi kanakwera n'kuima. Anadikira. Patapita nthawi kanatsika pang'ono, pang'ono zedi, koti iwe ndi ine sitingaone. Injiniya anagogoda galasi ndi chala, n'kuzungulira fakitale yonse kugwira molumikizira, monse mouma. Atabwerera anati, "Kutsika kochepa chonchi n'kololedwa. Mwina ndi kampweya kotsalira mkati. Ntchito yakhoza." Abwana anaomba m'manja. Anthu anayamba kubalalika kupita kukamwa zoziziritsa kukhosi zimene kampani inagula.

Mwamva? Ntchito yakhoza! Palibe anawafunsa kanthu, palibe anawaloza chala. Mulungu anali atatiphimbira maso a anthu onse aja. Chimene alamu ankafunika kuchita chinali kutenga botolo lawo, kumwa, n'kubwera kunyumba.

Mlonda akuti iwo anatsala okha pa kawotchiko, manja kumbuyo, akungokayang'ana. Kamuvi kanatsikanso kachidutswa. Akuti nkhope yawo inali ngati ya munthu amene akumva khanda likulira m'nyumba yoyandikana, make kulibe. Kenako anatola sowo ndi sipanala n'kulowera kuseri kwa boyila. Mlonda anawathamangira. "A Chubu, mukutani? Kapaipi kameneko n'kathu kaja!" Alamu anatseka vavu ya madzi, anadula kapaipi kathu, anaika chotsekera chatsopano chonyezimira, n'kumanga mpaka sipanala kulira. Ndiye anakaitana injiniya kuti apopenso. Mayiyo anadabwa, koma anapopa. Kamuvi kanaima nji, osasunthanso mpaka dzuwa kupendeka. Atawafunsa chimene apeza anati, "Kapaipi kakale kaja kanali kowola. Sikagwiranso ntchito." Mayiyo anawagwira chanza.

Ine kuseri kuno ndinangomva kudontha kwasiya. Ndinasangalala, chitsiru ine, ndimvekere nsanza zanga zagwira.

Anabwera madzulo atanyamula botolo lawo losatsegula, loti apatse achemwali. Ine ndinathamangira kumpopi, ndinamasula nsanza, ndinapotokola. Unangoti fyuu, kampweya, basi.

"Alamu, madzi sanatsegulebe?"

"Atsegula."

"Nanga kuno?"

Anayang'ana nsapato zawo. "Ndadula, mlamu."

"Akugwirani?"

"Ayi."

"Wina waulula?"

"Ayi. Kamuvi kamatsika."

"Ndiye ntchitoyo anaikana?"

"Anailandira. Koma kamatsika. Ine ndimakaona."

Zimene ndinalankhula tsiku limenelo sindingazibwereze pano, mzere wonse unatuluka panja. Ndinawafunsa ngati kamuviko kali ndi msana woti n'kuchita zilonda. Ndinawafunsa ngati anakwatira achemwali anga kapena paipi yabuluu. Iwo anangoima, botolo lili m'manja.

"Simungamvetse, mlamu. Moyo wanga wonse ndakhala ndikumanga zodontha. Ndimafuna kamodzi kokha ndione chinthu chosadontha choti ndagwirako ine."

"Mwachiona," ndinatero. "Tsopano lowani mukawauze akazi anu."

Anazengereza pakhomo, koma panalibe choti akanene. Khoma la nyumba zimenezija ndi lopyapyala, achemwali anali atamva zonse. Botolo lija linakhala pawindo losatsegula mpaka ndinalichotsa ndine.

Ndinawachonderera kuti abwezeretse. Ndinalira, ndinatukwana, ndinawanyengerera ngati mwana. Anati tsopano nthambi iliyonse ya paipi ili ndi mita yake, kapitawo amayang'ana m'mawa uliwonse, madzi akasowa zioneka. Zimenezo zinali zoona. Koma tsiku lina nditawapanikiza pakona anatulutsa chenicheni. "Ngakhale pakanapanda mita, paipi imeneija ine sindingaiboole." Ndinasiya kupempha kuyambira pamenepo.

Anapita kwa abwana, chipewa m'manja, kukapempha kuti kampani iike mpopi wa mumzere mwachilungamo. Abwana anati ndi maganizo abwino kwambiri, aiona nkhaniyo mwezi wa mawa. Anayesa kutuluka ndi zigubu ziwiri poweruka. Mlonda yemwe uja, amene mkazi wake tsopano ankadutsa njanji ndi mwana kumsana ndowa pamutu, anawaimitsa pageti mokondwa. "Lamulo, a Chubu. Madzi a kampani satuluka. Si inu nomwe mumakonda zolongosoka?" Anawakhuthulitsa pomwepo, m'ngalande. Mumzere moni anatha. Amayi akawaona akubwera ankalowetsa ana m'nyumba, ndipo ine ankandiyang'ana mwachisoni, zimene zinkandiwawa kuposa kutukwanidwa.

Sindiwanamizira, anayesetsa. Ankalawirira ndi wilibala ndi zigubu kupita ku mjigo, mwamuna yekha pamzere wa amayi osamuyankha moni, osamupatsa ndi mpata womwe. Koma mzere wa pamjigo sudziwa belu la fakitale. Kawirikawiri ankabwerako ndi chigubu chimodzi, nthawi zina chopanda kanthu, akuthamangira ku ntchito. Poweruka ankapitanso, n'kupeza mjigo watopa, ukutulutsa matope. Ine sindikanatha kuwasiya achemwali okha nthawi yaitali. Tsiku limene ndinayesa ndinawapeza ali pansi pakati pa bedi ndi khoma, atatupa pachipumi, akuitana dzina langa ndi mawu osamveka.

Ndiye madzi tinayamba kuwasunga ngati mankhwala. Kusamba kunasanduka kupukuta ndi kansalu. Otsukuluzira lero ndiwo ochapira mawa, ochapira mawawo ndiwo okolopera. Nsalu zinayamba kuuma zili ndi fungo lake. M'chipinda muja munayamba kumveka, ngakhale utatsegula windo ndi chitseko chomwe. Achemwali anayamba kukana kumwa tiyi, kukana ndi madzi akumwa omwe. Ndinkaganiza kuti pakhosi pakuwawa, kenako ndinazindikira kuti akuopa kunyowetsa nsalu.

Chilonda choyamba chinatuluka m'chiuno, chaching'ono ngati batani. Chachiwiri pa chidendene. Namwino yemwe uja ankanditama anandikalipira pamaso pa anthu, "Mayi, munthuyu mukumamusambitsa koma?" Ndikanayankha chiyani, kuti pepani anamwino, mwamuna wake ndi pulambala?

Ndipo tamverani zinazi. Pokonza mapaipi paja anamanganso mabafa atsopano a antchito, a shawa, madzi otentha ochokera ku boyila, amphamvu oti akakumenya pamsana umaiwala mavuto. Kunabwera lamulo loti aliyense wogwira ntchito pafupi ndi utoto ndi mankhwala azisamba asanatuluke pageti. Ndiye alamu, amene kale ankabwera ali dzimbiri ndi matope, tsopano ankafika ali mbee, khungu lili see, akununkhira sopo. Ntchito inali itachepa, mapaipi osadontha paliponse, iwo n'kumangozungulira ndi kansanza kupukuta mavavu. Anawapatsa ndi ovololo yatsopano yomwe. Ankalowa m'chipinda n'kukhala m'mphepete mwa bedi monga ankachitira kale, kufotokoza za tsikulo, koma achemwali ankatembenuzira nkhope kukhoma n'kukoka nsalu mpaka m'khosi. Ine ndinkati ndi mkwiyo, ndipo mumtima ndinkati achita bwino, awamvetse.

Chilonda cha m'chiuno chitayamba kulowa mkati ndinamuimbira foni mwana wawo. Anabwera Loweruka ndi galimoto ya hayala. Analowa m'chipinda, anavundukula nsalu, n'kutuluka atagwira pakamwa.

"Amayi aang'ono, bwanji simunandiuze msanga?"

"Ndimati bambo ako akonza, mwananga. Si ndiwo okonza."

Alamu anaweruka masana tsiku limenelo. Anapeza zikwama zili pakhonde, galimoto itatsegula zitseko. Mwana wawo sanazungulire. "Ababa, amayi ndikuwatenga. Kwanga mpopi uli m'nyumba."

"Mwanawe, ine ndi amayi ako sitinagonepo nyumba zosiyana chikwatirane."

"Ndiye tiyeni nanu."

"Ndikasiya ntchito, mankhwala a amayi ako agula ndani?"

Alamu anaima pakhonde paja akuyang'ana zikwama, tsitsi lidakali lonyowa ndi shawa. Ndinawamvera chisoni, inde, koma chisoni chake chinali ndi mkwiyo mkati, ndipo mpaka lero sindinathe kuzilekanitsa. Munthu ameneyu sanamwepo mowa, sanamenyepo mkazi, sanayang'anepo kumbali. Iwo ankawakonda achemwali, ndikudziwa. Koma anaima pakati pa mkazi wawo ndi kamuvi ka pa galasi, n'kusankha kamuvi, popanda womukakamiza.

Nthawi yonyamula wodwala itakwana anati, "Ndisiyeni, ndiwanyamula ndine." Ndiwo ankawanyamula nthawi zonse popita ku chipatala, ngati mwana, achemwali atakoleka dzanja m'khosi mwawo. Analowa m'chipinda, ife tili pambuyo. Anawerama, n'kutambasula manja kuti awapise pansi pa msana. Achemwali anakweza dzanja lamoyo lija n'kuwaletsa pachifuwa. Analimbana ndi pakamwa pawo nthawi yaitali, ndipo mawu atatuluka anamveka bwino kuposa onse amene analankhula chidwalire.

"Ayi, abambo. Inu mwasamba. Ine ndikununkha."

Sunali mkwiyo. Nthawi yonse ija ankatembenukira kukhoma, anali manyazi. Mkazi kuchita manyazi ndi mwamuna amene anakalamba naye, pabedi lawo lomwe. Alamu anakhala chiweramire, manja ali chitambasulire. Achemwali anatseka maso n'kudikira kuti achoke.

Tinawanyamula ine, mwana wawo ndi dalaivala, titagwira m'makona a nsalu imene anagonera. Alamu anatsatira pambuyo atanyamula pilo.